Ayisi wa Mango pa Nthiti za Sela

LEONISA "NISING" TABIANA
9 Malichi 1956 – 11 Febuluwale 2019

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, Nising. Zaka zinayi ndithu! Kwa ine zikungokhala ngati ndi dzana lomweli pamene munagwa kuseri kwa nyumba mukuyanika zovala, ine ndili pakhonde kukuitanani kuti khofi wanu akuzizira. Ndinakunyamulani pa njinga yanga yamoto ya kangolo pambali ija mpaka kuchipatala chomwe munagwirako unamwino zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma anzanu atangotuluka m'chipinda muja n'kuyang'ana pansi, ndinadziwiratu. Ana athu akuti chaka chino mawu a pansi pa chithunzi chanu ndilembe ndine, amuna anu Eufemio, ati ndilembe mwachidule. Mwachidule bwanji, munthu ndili ndi mlandu woti ndiulule kwa inu? A nyuzipepala adule okha ngati malo awachepera, ine ndilemba zonse.

Nyumba ija ilipo, denga likudonthabe pakona pomwe paja munkandikalipira. Chimene chinapita ndi phokoso. Inu mukaseka, anthu odikira galimoto kumsewu ankacheuka. Mukaimba pa Khirisimasi agalu a mudzi wonse ankakuthandizani, ife tikaseka inu n'kumati ndi nsanje chabe. Munkanditchula Pemyong Mutu-wouma pamaso pa ansembe omwe, ine n'kumasekera nawo. Masiku ano palibe amene amanditchula choncho. Ana amangoti Tatay, ndiye kuti bambo, mdzukulu amati Lolo, agogo, onse mwaulemu, ndipo ulemuwo umandipweteka.

Firiji yanu nayo ilipo. Oyandikana nafe ankaganiza kuti mumachita geni ya ayisi, poti Loweruka lililonse munkasenda mango, kusakaniza ndi mkaka ndi shuga, kuthira m'timajumbo titalititali n'kudzaza firiji yonse, nsomba zanga n'kusowa poika. M'mawa uliwonse ndinkakuperekezani kuntchito pa njinga, inu muli m'kangolo, kabokosi ka ayisi kali pamiyendo. Anthuwo sankadziwa kuti ayisiyo anali chida chanu cha ntchito.

Ndilongosole pang'ono, chifukwa adzukulu adzawerenga izi ine nditakutsatirani. Inu munali namwino wa mu wodi ya ana ochitidwa opaleshoni ya m'chifuwa. Munandifotokozera kambirimbiri mpaka mutu woumawu unamva. Mwana akang'ambidwa pakati pa nthiti, mpweya uliwonse umene wakoka umagwedeza bala. Ndiye mwana amachenjera, amayamba kupuma mobera, kutsokomola ayi. Makhololo amadzaza, phapo limatsekeka, thupi limatentha, chibayo n'kulowa. Kale ankangowabaya jakisoni wamphamvu, ana n'kumangogona, kusanza, ena mpaka kuiwala kupuma komwe. Kenako kunabwera njira ya kapaipi ka pamsana. Mwana adakali mtulo pa tebulo la opaleshoni, dokotala wogonetsa odwala amalowetsa kapaipi kowonda ngati ulusi wa mbedza pakati pa mafupa a msana, molingana ndi pamene pali bala, n'kukamata bwinobwino. Kamakina kamakhala kakudontheza mankhwala a dzanzi pang'onopang'ono, chifuwa n'kuchita dzanzi mozungulira, koma mwana ali maso, akuyankhula, akusuntha miyendo. Ntchito yanu inali kulondera kapaipiko, chifukwa nthawi zina kamasuntha, mankhwala n'kumapita kosayenera.

Apa ndi pamene ayisi ankalowera. Khungu limene lachita dzanzi silimva kuzizira. Munkayendetsa kajumbo ka ayisi pa nthiti za mwana, kumanzere ndi kumanja, kuchokera m'khwapa kutsika mpaka pamchombo, n'kumafunsa kuti, "Apa pakuzizira? Nanga apa?" Pamene mwana wadzidzimuka, munkadziwa kuti mankhwala sakufikapo, n'kuitana adokotala. Mukamaliza, ngati adokotala alola, ayisi yemweyo ankakhala wa mwanayo. Anamwino atsopano akakufunsani kuti bwanji osangomufunsa mwanayo ngati akumva kuwawa, munkawayankha mokalipa: "Iwe, ukamufunsa mwana wa kuno ku Iloilo kuti zikuwawa, amayamba wayang'ana nkhope ya amayi ake kenako n'kuyankha. Koma kuzizira amangonena, nanga ndani anamumenyerapo kuzizidwa?" Munkatinso mwana wolira sakudetsani nkhawa, amene amakuopsani ndi uja wangoti phee.

Mawu amenewa ndinawamva mwina kokwana chikwi, Nising. Ndikufuna mudziwe kuti ndinawamva, kuti zimene ndinachita musaziyese umbuli.

Mdzukulu wathu Sela, Inday wathu wamng'ono, monga timatchulira ana aakazi kuno, munamusiya ali ndi zaka zitatu, akukukwerani pamsana n'kumakuwa kuti Lola, Lola, kuitana agogo ake aakazi. Tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo anaguluka, koma pakamwa ndi panu penipeni. Chaka chatha anadwala chibayo katatu. Kachitatuko madokotala anamuunika bwino n'kupeza kuti m'munsi mwa phapo lakumanja muli chotupa chobadwa nacho, ndipo ndi m'menemo mmene matenda ankabisala. Anati achichotse, pamodzi ndi chigawo cha phapolo. Renato, bambo ake, anali pa sitima pakati pa nyanja, nthawi yake yotsika isanakwane, ankangousa moyo pa foni. Zonse zinagwera mayi ake, Doray, mwana wathu yemwe uja analumbira ali wamng'ono kuti sadzapondako kuchipatala, chifukwa munkamugoneka pa benchi pabwalo n'kumamuyendetsa ayisi m'nthiti pophunzitsa anamwino anu, iye akukuwa kuti mudzi wonse umve. Pano amagulitsa batchoy kumsika, msuzi uja munkati amauchulutsa adyo, ndipo akaona magazi a munthu, ngakhale kadontho, amathawabe.

Anatipatsa tsiku mu Okutobala, m'chipatala chanu chomwe chija, wodi yanu yomwe ija, kungoti anapakamo penti ina. Dokotala Lacuesta, mayi wachitsikana wogonetsa odwala, atayamba kutifotokozera za kapaipi ka pamsana, ine ndinamudula pakamwa. "Adokotala, musavutike, kwathu zimenezi timazidziwa. Akazi anga ndiwo anali eni ake a wodi ino." Ndinadzitama kwabasi, Doray n'kumandiponda phazi kunsi kwa tebulo.

M'mawa wa tsiku la opaleshoni Sela ankanjenjemera. Anali atatopa ndi masingano, akangoona yunifolomu yoyera ankayamba kulira, ndipo tsikulo analira mpaka makolo a ana ena anayamba kutiyang'ana. Ine manyazi anandigwira. Doray atatuluka kukasaina mapepala, ndinagwada pambali pa bedi n'kumugwira mwana dzanja. Ndinati, "Inday, tamvera. Lola ako anali mkulu wa anamwino onsewa. Panopa akukuona ali kumwamba. Ukamalira chonchi uwachititsa manyazi. Ife a kwa Tabiana sitilira." Mwana anameza misozi nthawi yomweyo n'kungoti duu. Ine ndinadziona kuti ndine agogo anzeru. Ndi mmene bambo anga anatilerera kugombe kuja: mbedza ikakulowa m'chala umaluma mlomo mpaka aichotse, ukalira amakuwonjezera mbama. Ndinaiwala kuti ndinakwatira mkazi amene anatha moyo wake wonse akulimbana ndi kaleredwe kameneka.

Opaleshoni inatenga maola anayi ndipo inayenda bwino. Anamutulutsa ali ndi bandeji yaikulu kunthiti zakumanja, paipi yotulutsa madzi m'chifuwa, ndi kapaipi kaja kumsana. Tsiku limenelo zonse zinali bwino. Anamuyeza, dzanzi linali mbali zonse ziwiri, madzulo anamwa timadzi n'kufunsa ngati mphaka wake wadya. Mawa lake tinamupeza wangogona chagada, maso ali kudenga, osatembenuka, osadandaula. Namwino Jovelyn, mtsikana wabwino amene tsikulo anali ndi ana khumi ndi anayi oti awaone, anabwera ndi kapepala kaja ka nkhope zisanu ndi imodzi, kuyambira yoseka mpaka yolira, kuti mwana aloze mmene akumvera. Sela analoza yoseka. Patapita maola awiri analozanso yoseka. Akulu anu, Manang Soling, anafika ndi kolona m'manja ndi phava la nthochi, n'kuyamba kulengeza wodi yonse: "Taonani mwana wolimba mtima uyu! Enawa angokhalira kufuula ngati akuphedwa, wathu ali chete. Magazi a Nising amenewa!" Ine n'kumavomereza ndi mutu, chifuwa chili patsogolo.

Cha m'ma leveni thupi linatentha. Kamakina kopana chala kaja, koyeza mpweya m'magazi, kanayamba kulira, manambala akutsika. Mayi wophunzitsa odwala kupuma anabwera n'kumuuza Sela kuti atsokomole, mwana anangoti "khe" kamodzi, ngati kamwana ka mphaka, n'kutsinzina. Anamujambula m'chifuwa pomwepo pabedi. Dokotala amene anachita opaleshoni atayang'ana chithunzi anatiitanira pakhonde n'kutiuza mosabisa kuti gawo la phapo limene latsala likutsekeka ndi makhololo. Anati mwana akapanda kutsokomola n'kuwatulutsa pofika madzulo, amugonetsanso, amulowetsa paipi kukhosi kuti awakoke, ndipo mwina akhala masiku angapo pa makina opumira. Anawonjeza kuti sakumvetsa chimene chikumuletsa, poti mwana akuti sakumva kuwawa. Manang Soling anayamba kolona.

Doray analowanso mu wodi. Anabwerera kukakhala pampando n'kumuyang'ana mwana wake, osati kumaso kokha, koma thupi lonse. Anaona dzanja lamanzere litafinya nsalu ya pabedi mpaka zikhadabo kuyera. Anaona zala zakuphazi zitapindika, ndi thukuta pamwamba pa mlomo chikhalirecho fani ikuzungulira. Anaona kuti mimba yokha ndi imene ikukwera ndi kutsika mofulumira, nthiti zakumanja zangoima. Anandiuza pambuyo pake kuti mtima unkamuuza kanthu, koma manyazi ankamukanikiza. Iye ndani, wogulitsa msuzi kumsika, kuti akaphunzitse anthu ophunzira ntchito yawo? Nanga akalakwitsa, wodi yonse imuseka, ati mwana wa Nising wabwera kudzadzionetsa. Anakhala choncho mwina mphindi khumi, akulimbana yekha, kamakina kaja kakulirabe. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Tatay, thamangani kugeti mukagule ayisi wa m'kajumbo."

"Ayisi? Mwana akutentha thupi, iwe ukuganiza za ayisi?"

"Tatay, ndati thamangani!"

Anandiyang'ana ndi maso anu, Nising, aja munkandiyang'ana nawo ndikabwera kuchokera kokaonera atambala akumenyana. Pamenepo m'pamene mutu wanga unatseguka. Ndinatsika masitepe a nsanjika zitatu ndi mawondo anga okalambawa, ndinatsomphola ayisi wa mango kwa mayi wa pageti, ndipo pobwerera ndinafika lilime lili panja.

Doray anakweza malaya a mwana pang'onopang'ono. Anayamba kumanzere, kumene kunalibe bala. "Inday, tikusewera masewera a Lola. Apa pakuzizira?" Sela anapukusa mutu. "Nanga apa?" Ayi. Anatsika nthiti imodziimodzi mpaka pamchombo, mwana osamva kanthu. Kenako anazungulira bedi n'kuika ayisi kumanja, m'mphepete mwa bandeji. Mwana anadumpha. "Kuzizira, Nanay!" Kudumphako kunagwedeza bala, nkhope inachita mbuu, analuma mlomo mpaka magazi, koma msozi ngakhale umodzi sunatsike. Doray anayesanso pamwamba pa bandeji, pansi pake, kumbuyo kwake, ponseponse pankazizira. Mankhwala onse ankathera kumbali yopanda bala. Mwana wathu anali atagona ndi nthiti zong'ambidwa dzulo lake, akumva chilichonse, kuyambira kum'mawa kapena kuposa apo, n'kumaloza nkhope yoseka.

Doray uja woopa chipatala anaima pakati pa wodi n'kuitana namwino ndi mawu a kumsika. Jovelyn anathamanga, anatenga ayisi uja n'kubwereza yekha, kenako foni kukhutu. Dokotala Lacuesta anafika akutafunabe nkhomaliro. Atayang'ana kumsana anati kapaipi kasunthira mkati n'kupotokera mbali imodzi, zimachitika mwana akamatembenuzidwa. Sanakalipire munthu. Anayamba wapereka mankhwala ena kudzera mu diripi kuti ululu utsike msanga, kenako anavala magolovesi, anakokera kapaipiko kunja pang'ono chabe, anakamatanso, n'kuwonjezera mankhwala a dzanzi mosathamanga, diso lili pa makina oyeza kuthamanga kwa magazi. Anati tidikire theka la ola.

Tikudikira choncho, dokotalayo anawerama n'kumufunsa Sela mofatsa, "Inday, zimakuwawa chonchi, bwanji sumanena?" Maso a mwana anayenda pang'onopang'ono mpaka anaima pa ine. Kenako ananong'ona, mawu a pansipansi, koma ine ndinawamva bwino lomwe: "Lola akundiona."

Doray anatembenuka. Sanafunse kuti wamuuza ndani, anangondiyang'ana. Nising, ndinakhala nanu zaka makumi anayi, munandikalipira pa zambiri, koma sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Ndinatenga dzina lanu, dzina la munthu amene sankalola mwana kuvutika mwakachetechete, n'kutseka nalo pakamwa pa mdzukulu wanu. Akanapita pa makina opumira chifukwa cha pakamwa panga. Umenewu ndiwo mlandu wanga, ndipo ndaulemba pano kuti mzinda wonse uwerenge.

Ndinagwadanso pamalo omwe aja. Ndinati, "Inday, Lolo ako ndi abodza. Ndinakunamiza. Lola ako sankafuna ana achete. Ankakonda olongolola, olira, ovuta. Mwana wina anawaluma chala mpaka chinatupa, iwo anabwera kunyumba akusekerera, ati ameneyu achira msanga. Akukuona, inde, koma akudabwa kuti mdzukulu wawo wangoti zii chifukwa chiyani. Ngati zikuwawa, nena. Ngati ukufuna kulira, lira, denga lisasuke."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuona ngati sindikumunamizanso. "Zoona, Lolo?" Ndinati zoona, Mulungu ndi mboni. Misozi inayamba kutsika yokha, kenako kunatuluka kulira konse kumene anakusunga chiyambire dzulo lija. Manang Soling anati, "Shii, Inday, anthu akumva." Doray anati, "Amve, Tiya! Musiyeni!" Dokotala anangomwetulira, ati kulirakonso kuthandiza, kukutsegula mapapo.

Theka la ola litakwana ayisi uja anali atasungunuka. Ndinatsikanso masitepe kukagula wina, ndipo ulendo uno sindinadandaule za mawondo. Dokotala anamuuza Doray kuti ayese yekha. Kumanja, pamwamba pa bandeji. "Pakuzizira?" Ayi. Pansi pake? Ayi. Sela mwini anadabwa, anasuzumira kuti aone ngati ayisi wamukhudzadi. Anamuuza agwedeze zala zakuphazi, anagwedeza, akweze miyendo, anakweza. Mayi wophunzitsa kupuma uja anabweranso, anamukhazika tsonga, anamupatsa pilo kuti akumbatire kunthiti, n'kuti, "Tiye, kokera mpweya mpaka m'mimba, kenako utsokomole ngati wakwiya." Koyamba anachita mwamantha, akudikira ululu. Ululu sunabwere. Kachiwiri anatsokomola chifuwa chenicheni, chakuya, ndipo zimene zinatuluka sindingazilembe m'nyuzipepala, anthu ena amawerenga akudya. Tinaombera m'manja makhololo, Nising! Ine, Doray, Jovelyn, ngakhale bambo wina wa pa bedi loyandikana amene sitinkamudziwa n'komwe. Manang Soling anapsompsona kolona n'kunena kuti ndi mapemphero awo, ife sitinawatsutse.

Pofika cha m'ma folo manambala anali atakwera, kamakina kaja kanasiya kulira. Mawa lake anamujambulanso, phapo linali litatseguka, nkhani ya paipi yakukhosi inathera pomwepo. Kapaipi ka pamsana anakachotsa tsiku lachinayi, mwana anayenda yekha mpaka pawindo, ndipo patatha sabata ndi masiku awiri ndinamutengera kunyumba pa njinga, ndikuyenda ngati ndanyamula mazira. Masiku onsewo anakhala wovuta kuposa ana onse a mu wodi. Pilo walimba, ananena. Bandeji ikuyabwa, ananena. Phala lilibe shuga, anaitanitsa mkulu wa anamwino. Kapepala ka nkhope kaja kakabwera ankasankha mosamala, atatalikitsa mlomo, nthawi zina n'kutsutsana ndi namwino kuti nkhope yake yeniyeni palibepo pamenepo. Dokotala Lacuesta potitsanzika anafunsa Doray kuti zimenezi anaziphunzira kuti. Atamva anati iye sanakupezeni, koma dzina lanu likutchulidwabe mu wodimo. Jovelyn akuti tsopano mwana aliyense wa kapaipi amamuyeza ndi chozizira pa nthawi yake, kaya waloza nkhope yanji.

Doray anakhala milungu iwiri osandiyankhula bwino, ndipo sindingamunene. Tsiku lina anangofika ndi mbale ya batchoy, n'kuiika patsogolo panga mwamphamvu mpaka msuzi unatayikira patebulo. Anati, "Idyani, Tatay, usanazizire." Ndinadziwa kuti nkhani yatha. Adyo anachulukadi, munkanena zoona.

Tonse tikukusowani. Mwana wanu Gilbert amaimba foni Lamlungu lililonse kuchokera ku Cebu, akafuna kutchula za inu amayamba nkhani ya mvula. Manang Soling akuti si chilungamo kuti wamng'ono atsogole, ndipo amamukumbutsa Mulungu zimenezi m'mawa uliwonse. Renato anatsika sitima mu Disembala, ataona chipsera cha mwana wake anagwetsa misozi pakhomo pomwepo chikwama chidakali paphewa, ndipo palibe amene anamuletsa. Doray akamakalipa nthawi zina amadukiza pakati n'kuseka yekha, poti wazindikira kuti mawuwo ndi anu. Ine ndiye musafunse. Ndikamakhota pa kona ya msika ndimachepetsabe liwiro, paja pamenepo munkakuwa kuti ndikugwetsani.

Lamlungu lapitali tinapita kumanda kukasesa ndi kupaka penti, kukonzekera tsiku la leroli. Manang Soling anayatsa makandulo anayi pamwamba pa mwala wanu, imodzi pa chaka chilichonse, n'kuyamba pemphero lawo lalitali lija. Sela anaima nafe atapinda manja, koma ndinkamuona akusendera kutsogolo pang'onopang'ono. Pemphero lisanafike n'pakati pomwe anangoti, "Lola, taonani!" Anakoka mpweya, nthiti zonse zinakwera, kumanzere ndi kumanja komwe, n'kuuzira. Makandulo onse anayi anazima ndi mpweya umodzi. Manang Soling anatsala pang'ono kukomoka, ati mwana wopanda mwambo, anayamba wazimitsa makandulo a akufa ndani? Doray anaphimba kumaso, mapewa akugwedezeka. Ine ndinakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza, pamaso pa mdzukulu wanga, ndipo iye anabwera kudzandisisita kumsana n'kundifunsa kuti, "Lolo, pakuwawa pati?"

Pumulani, Nising. Malinga mpweya ulimo m'zifuwa zathuzi, sitikuiwalani.

Amuna anu Pemyong. Ana anu Doray, Renato ndi Gilbert. Akulu anu Manang Soling. Ndi mdzukulu wanu Sela.